Kuphunzitsa AI kujambula ngati pancake ya ku Britain: momwe ntchito yayendera

11 Januwale 2025: chomwe ndikufuna, ndi chomwe chikutuluka

Mpingo wathu kuno ku Milton Keynes umakhala ndi madzulo a mapancake pa Shrove Tuesday, tsiku lomwe chaka chino cha 2025 likugwa pa 4 Malichi. Ndi tsiku lotsiriza Lenti isanayambe, ndipo makolo a anthu a kuno ankamalizira mazira, mkaka ndi mafuta m'chiwaya asanalowe m'nyengo yosala. Ntchito yokonza zikwangwani za tsikuli yagwera ine. Ndikufuna kuti chilichonse chojambulidwapo, kaya tchalitchi, basi kapena munthu akuthamanga, chioneke ngati changochotsedwa kumene pamoto: mtundu wachikasu chotuwa, timizere tabulauni, m'mphepete mouma mopindika pang'ono, ndi shuga wonyezimira m'madzi a ndimu.

Zida zomwe ndili nazo ndi kompyuta yapanyumba ya GPU (chipangizo cha m'kompyuta chomwe chimasenza ntchito ya zithunzi) ya RTX 3060 ya 12GB, model (AI yophunzitsidwa kale kujambula zithunzi) ya SDXL yomwe inatuluka mu Julayi 2023, ComfyUI yopangira zithunzi, ndi kohya_ss yophunzitsira LoRA. LoRA ndi kafayilo kakang'ono komwe umakaphunzitsa padera n'kukamangirira pa model yaikuluyo. Mapulogalamu onsewa ndi aulere.

Vuto loyamba laonekera lero lomwe. Ndikalemba prompt (mawu ouza model choti ijambule) yotchula pancake, chikutuluka ndi mulu wa mapancake onenepa osanjikizana, batala ali pamwamba, manyuchi akuyenderera m'mbali. Amenewo ndi a ku America. Ngakhale nditchule Britain kapena England, mulu uja sukuchoka, amangouikira kachidutswa ka ndimu pambali. Ndikuona kuti zithunzi zambiri za pa intaneti zolembedwa dzinali ndi za mtundu umenewo, ndiye model inazolowera zomwezo. Pancake ya kuno ilibe baking powder, sifufuma, ndi yopyapyala komanso yotambalala kudzaza mbale yonse, ndipo amaidya atafinyirapo ndimu, kuwazapo shuga n'kuipinda. Prompt payokha sitifikitsa kumeneko. Pakufunika LoRA.

18 Januwale: kukhitchini

Sindikopera zithunzi za anthu ena pa intaneti. Zili ndi eni ake, komanso zambiri ndi za mulu womwe ndikuuthawawo. Ndikazinga ndekha.

Muyeso wake ndi wodziwika nyumba iliyonse kuno: ufa wa tirigu magalamu 100, mazira 2, mkaka mamililita 300 ndi kamchere pang'ono. Ndagula ufa wa 1.5kg pa 90p, mazira 12 pa £3, mkaka pa £1.50, batala pa £2.20, shuga wosalala uja wa caster pa £1.40 ndi mandimu 4 pa £1.20. Zonse £10.20. Phala lake ukalisiya likhale kaye mphindi 30 limayenderera bwino m'chiwaya.

Chiwaya chathu chosamatirira chakudya chatulutsa mapancake okoma ndithu, koma nkhope yake yosalala see, mtundu umodzi kuchokera pakati kufika m'mphepete. Palibe choti makina aphunzirepo. Ndakagula chiwaya chachitsulo chakale pa £6 m'sitolo ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo apa ndi pomwe ndaona komwe timizere tija timachokera. Batala akasungunuka pachitsulo chotentha amasonkhana timadontho. Phala likathiridwa limakhudza chitsulo m'malo ena, pomwe m'malo ena likukhala pamwamba pa mafuta ndi nthunzi, choncho silipsa mofanana. Ukapukuta chiwaya ndi pepala mpaka mafuta atatsala pang'ono kutheratu, timizere timasowa. Ukachulukitsa batala, timakula n'kuda kwambiri. Pakati pa ziwirizi, kabatala kosadzaza supuni yaing'ono ya tiyi, m'pomwe pali maonekedwe omwe ndikufuna.

25 Januwale: kujambula

Dzuwa la Januwale kuno lilibe mphamvu, ndipo pofika 4:30 madzulo limakhala litapita. Babu la kukhitchini likusandutsa chilichonse kukhala cholanje, ndipo madzi a ndimu akubweza kuwala mu foni moti pamalo amenewo pakungooneka mbee. Zithunzi za foni sizikufanana mtundu, china chofiira, china chotuwa.

Mlamu wanga wandibwereka scanner. Ndagula mapepala apulasitiki oonekera pa £4 oyala pagalasi kuti mafuta asaliwononge. Pancake ikakhala yotentha imachititsa nkhungu papulasitiki, ndiye iyenera kuzirala kaye. Pa 600 dpi (timadontho pa inchi iliyonse) timabowo tating'ono tomwe maso satha kuona tikuoneka tonse, ndipo kuwala kwake n'kumodzimodzi nthawi zonse. Chomwe scanner ikutaya ndi m'mphepete muja, chifukwa chivundikiro chimakanikiza n'kuthyola mbali zoumazo. Zimenezo ndazijambula padera ndi foni pawindo masana, pamodzi ndi zithunzi zapafupi za shuga akusungunuka m'ndimu. Zithunzi zosankhidwa zakwana 40.

1 Febuluwale: kuphunzitsa koyamba

Poyamba pulogalamu imaima isanapite patali, memory ya GPU itadzaza. SDXL imaphunzira pa zithunzi za 1024 ndi 1024, ndipo 12GB imakwana pokhapokha utasamala. Zomwe zathandiza: batch ya chithunzi chimodzi, kuyatsa gradient checkpointing, kusunga ma latent pasadakhale, kugwiritsa ntchito AdamW8bit, ndi kuphunzitsa UNet yokha osakhudza text encoder. Rank ndaika 32, alpha 16, learning rate 0.0001. Masitepe 2000 akutenga maola oposa awiri. Magetsi, pa mtengo wa Febuluwale 2025, ali pafupifupi 25p pa kWh, ndiye ulendo umodzi wophunzitsa ukudya ngati 20p basi.

Mtundu wagwira bwino zedi. Koma chilichonse chikutuluka chozungulira. Ndikapempha basi, ikubwera itapindidwa kuti ikwane m'bwalo, ndipo pansi pake pali mbale yoyera. Model yaona bwalo ndi mbale pa zithunzi zambiri, ndipo popeza mawu ofotokoza zithunzizo sanazitchule, yaziyesa mbali ya sitayiloyo. Zimatero: chomwe sunachitchule mu caption (mawu ofotokoza chithunzi aja) chimalowa m'mawu ako oitanira sitayilo, omwe umalemba mu prompt kuti sitayiloyo ibwere. Ndadula zithunzi 25 kuti zikhale za ngodya zinayi, nkhope ya pancake itadzaza ponseponse popanda m'mphepete, ndipo pa zotsalazo ndalemba momveka kuti pali mbale ndipo chinthucho n'chozungulira.

8 Febuluwale: pancake ili ndi nkhope ziwiri

Bwalo lachoka, koma zithunzi zikuoneka zamatope. Chifukwa chake chili m'chiwaya momwemo. Mbali yomwe imayamba kupsa imakhala ndi timizere tolukanalukana tagolide. Ukaitembenuza, mbali yachiwiri imakhala itauma kale, ndiye imakhudza chitsulo m'malo ochepa okha, n'kutuluka yotuwa ndi mawanga akuda otalikirana ngati a kambuku. Zithunzi za mbali zonse ziwiri zinali pansi pa mawu amodzi, ndipo model imazisakaniza n'kutulutsa chinthu chosapezeka m'chiwaya chilichonse. Ndazigawa pawiri, gulu lililonse ndi mawu ake oitanira. Tsopano ndikutha kupempha mbali yoyamba pa makoma ndi minda, mbali yachiwiri pa thambo. Thambo la mawanga otalikirana likuoneka bwino kuposa momwe ndimaganizira.

15 Febuluwale: kujambula ndi phala lenilenilo

Ili ndiye vuto lalikulu pa onse. LoRA yaphunzira nkhope ya pancake, koma sikudziwa kujambula nayo kanthu. Ndikaikweza mphamvu kufika pa 1.0, nkhosa yomwe ndapempha ikusungunuka n'kutsala timizere tokhatokha. Ndikaitsitsa pa 0.5, ikubwera nkhosa yeniyeni ya ubweya wake, itangopakidwa utoto wabulauni pamwamba. Model sinaonepo chinthu chilichonse chopangidwa ndi phala, ndiye ilibe poyambira.

Ndabwerera kukhitchini ndi mabotolo atatu ofinya a £3, ndi mazira ndi mkaka wina wa £4.50. Njira yake: umajambula mizere ndi botolo pachiwaya, kuisiya ipse, kenako n'kuthira phala lina pamwamba kudzaza malo otsala. Ukatembenuza, zomwe zinayamba kugwa pachitsulo zimakhala zakuda kuposa zomwe zabwera pambuyo. Mtundu uliwonse pachithunzicho ndi nthawi yomwe phala lakhala pamoto, palibe utoto wina ayi.

Phala la pancake ya ku Britain ndi lamadzimadzi kwambiri pa ntchito imeneyi. Mzere ukangotuluka m'botolo ukufalikira mpaka kukula ngati chala, ndipo mwendo wa nkhosa ukukumana ndi unzake. Ndapatula phala pang'ono n'kuwonjezamo masupuni awiri a ufa, la mizere yokha, pomwe lodzazira ndalisiya momwe lilili kuti timizere ta batala tisatayike. Moto uyenera kukhala wotsika pojambula, kenako n'kuukweza pothira phala lomaliza. Dzanja likachedwa, mzere woyamba umakhala utapserera womaliza usanathe, choncho zojambula ziyenera kukhala zosavuta: nkhosa, ketulo, ndimu, basi yosanja, mtengo, nyumba ya chumuni, ambulera. Ndapeza kuti magawo atatu ndi omwe akutheka bwinobwino: mizere yakuda, mithunzi yapakati yothiridwa patapita kanthawi, ndi phala lotuwa lodzazira. Gawo lachinayi silisiyananso ndi lachitatu.

Chinthu chimodzi chaching'ono choti muone mukamayesa: pomwe mzere wakuda wakumana ndi phala lodzazira pamakhala kamzere kena kowala, kopyapyala ngati ulusi, chifukwa phala lachiwiri silifika kwenikweni pachitsulo m'mphepete mwa loyambalo. Kamzere kameneka ndi komwe kamachititsa diso kukhulupirira kuti chinthucho n'chokazinga. Pa scanner kakuoneka bwino, ndipo ndaonetsetsa kuti zithunzi zingapo zadulidwa pafupi kwambiri kuti model ikaone.

Zithunzi zatsopano 22 zalowa, chilichonse ndi caption yotchula chomwe chajambulidwa. Ndaziika kuti zizibwerezedwa kawiri kuposa za nkhope yopanda kanthu zija. Zotsatira zake zasintha kotheratu. Pa mphamvu ya 0.8 ndapempha njinga, yomwe sindinaikazingepo, ndipo yabwera ya mizere yonenepa yofewa m'makona, masipoko ochepa, ndi kamzere kowala kaja kakuzungulira matayala.

22 Febuluwale: nkhope za anthu

Chikwangwani chachikulu chiyenera kukhala ndi anthu, ndipo mpingo wathu ndi wosakanikirana: azungu a konkuno, ife a ku Malawi, a ku Zimbabwe, a ku Ghana ndi ena. Nditapempha gulu la ana atanyamula ziwaya, ana oyera khungu anatuluka bwino, otuwa mwagolide. Ana akuda anatuluka ndi nkhope zodzaza mawanga akuda bii ndi ming'alu, monga pancake yoiwalika pamoto. Ndinaonetsa mayi wina wakwathu yemwe amatsogolera Sande sukulu. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, ichi chisapachikidwe. Ana athu akachiona adzati khungu lawo ndi chinthu chopserera." Amanena zoona, ndipo nkhani imeneyi yandikhudza kuposa zonse za ntchitoyi.

Gwero lake lili m'zithunzi zophunzitsira. M'menemo, malo aliwonse akuda kwambiri ndi omwe moto unapitirira, ndiye model inamanga pamodzi kuda ndi kupserera. Njira yachidule ikanakhala kujambula anthu onse ndi mtundu umodzi wotuwa, koma kutero n'kuwachotsa ana athu pachithunzipo. Zimenezo ndakana.

Yankho lapezeka m'chiwaya chosamatirira chija chomwe ndinachiika pambali mu Januwale. Ukachipukuta mpaka kuuma, moto n'kuutsitsa kwambiri, phala limatha kukhalapo nthawi yaitali n'kusanduka bulauni wozama, wosalala, wopanda wanga ngakhale limodzi. Ndagulanso mazira ndi mkaka wa £4.50 n'kukazinga nkhope ndi manja a anthu a khungu losiyanasiyana, kuyambira lotuwa mpaka lakuda kwambiri: mtsikana wa tsitsi loluka, mayi wovala duku, bambo wa ndevu, mnyamata wometa. Pa khungu lakuda mizere yakuda sioneka, ndiye maso, mphuno ndi milomo ndazipanga mosiya timipata pothira phala la khungu, kuti phala lotuwa lomaliza lidzaze m'menemo. Zatenga nthawi kuti dzanja lizolowere, koma nkhope zake zikuoneka zaulemu.

Zithunzi 14 zalowa, ndipo caption ya chilichonse ikutchula mtundu wa khungu ndi kuti ndi losalala. Zithunzi zakale zitatu zomwe zinali zopsereradi ndazilemba kuti n'zopserera, kuti mawu amenewo azitha kulowa mu negative prompt, momwe umalemba zomwe sukufuna kuti zioneke, n'kugwira ntchito. Pambuyo pophunzitsanso, ana onse akutuluka ndi khungu losalala, lililonse mtundu wake, pomwe timizere ta batala tatsala pa zovala ndi kumbuyo. Nkhope zing'onozing'ono zakutali nthawi zina zikubwerabe ndi mawanga. Zimenezo ndikuzikonza ndi inpainting (kuuza model ijambulenso kachigawo kolakwikako kokha), LoRA ili pa 0.6. Mayi aja aona zatsopanozi ndipo avomera.

26 Febuluwale: Olney

Chikwangwani chachiwiri ndi cha mpikisano wa ku Olney, tauni yaing'ono ya ku Buckinghamshire kufupi ndi kuno. Mbiri yomwe anthu a kumeneko amasimba imati mwambowu unayamba mu 1445, pomwe mayi wina anamva belu la tchalitchi akukazinga n'kuthamanga chiwaya chili m'manja. Mpaka lero amayi a m'tauniyi amathamanga mayadi 415, pafupifupi mamita 380, kuchokera pamsika kukafika ku tchalitchi cha St Peter and St Paul, atavala epuloni ndi mpango kumutu. Kuyambira 1950 amapikisana nthawi ndi amayi a ku Liberal, ku Kansas, ku America.

Model ikajambula tchalitchi pa iyo yokha imangopeka china chilichonse, ndipo anthu a kuno amaidziwa nsanja yosongoka ya ku Olney. Ndinakachijambula ndekha ndi foni n'kutulutsamo mizere yolowetsa mu ControlNet, chida chomwe chimachititsa model kutsatira mizere yomwe waipatsa. Pa mphamvu yonse mizere inabwera yowongoka kwambiri, mawindo ndi miyala yonse ikuwerengeka, zomwe botolo lofinya silingathe. Ndafufuta tizinthu ting'onoting'ono tonse pa chithunzi cha mizerecho, mphamvu ndatsitsa pa 0.6, ndipo ndaiuza kuti isiye kulamulira ikadutsa pang'ono theka la masitepe. Nsanja yakhala yodziwika koma yofewa. M'ziwaya za amayi othamangawo munabweranso mapancake onenepa a ku America, ndipo chogwirira chimasungunukira m'dzanja. Zonse ziwiri ndazikonza ndi inpainting, chiwaya chimodzichimodzi.

1 Malichi: zilembo ndi kusindikiza

Zilembo zomwe model ikulemba siziwerengeka. Ndakazinga mawu a pamutu wa chikwangwani ndi dzanja. Pachiwaya ukalemba mwachizolowezi amatuluka chagada ukatembenuza, koma palibe chifukwa chovutikira kulemba mobwerera m'mbuyo: lembani bwinobwino, ikani pa scanner, kenako tembenuzani chithunzicho mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi. Tsiku, nthawi ndi malo ndalemba ndi zilembo wamba za pakompyuta kuti agogo aziwerenga mosavuta.

Pepala la A3 pa 300 dpi limafuna chithunzi cha 3508 ndi 4961. Pulogalamu yokulitsira zithunzi yomwe ndinayamba nayo inayesa timabowo ndi timibulu ta shuga ngati zinyalala n'kuzisalaza zonse, pancake n'kuoneka ngati yapulasitiki. Chomwe chagwira ndi kukulitsa kaye mwawamba, kenako kudutsitsa chithunzicho mu img2img (model imajambulanso pamwamba pa chithunzi chomwe chilipo kale) m'zigawozigawo, LoRA ili yoyaka, denoise (muyeso wa zomwe ikuloledwa kusintha) pa 0.25. Ukapitirira 0.35 model imayamba kupeka tinkhope ndi tinyama m'kati mwa timizere.

Kope loyesera la £3 linatuluka lotuwa mobiriwira, golide yense atazilala, ndipo pepala lonyezimira linachititsa chithunzicho kuoneka chamafuta. Wosindikiza anandionetsa pa kompyuta yake momwe mitundu isinthire ikapita ku CMYK, mitundu inayi ya inki yosindikizira. Tachepetsa cyan (inki ya buluu wobiriwirako) m'malo abulauni, tawonjezera chikasu pang'ono, ndipo tasankha pepala losanyezimira. Zikwangwani 10 zatuluka pa £20.

5 Malichi: ndalama zonse ndi zomwe zatsala

Zikwangwani zinapachikidwa Lamlungu, ndipo dzulo holo inadzaza. Mayi wina wachikulire wobadwira konkuno anayandikira cha Olney chija n'kufunsa kuti tinapeza kuti chiwaya chachikulu chotere.

Ndalama zonse zafika pafupifupi £60: zakudya £19.20, chiwaya £6, mapepala apulasitiki £4, mabotolo £3, magetsi ngati £4 kuphatikiza opangira zithunzi, ndi kusindikiza £23. Kompyuta ndinali nayo kale ndipo scanner inali yobwereka. LoRA yomaliza yaphunzira pa zithunzi 76, ndipo imagwira bwino pa mphamvu ya 0.75 mpaka 0.85, CFG (muyeso wa momwe model imamverera prompt) ili pa 5 kapena 6. Ukakweza CFG kuposa pamenepo bulauni amayamba kufiira.

Zinthu ziwiri sizinatheke. Prompt ikatchula chinthu cha mtundu wodziwika kwambiri, monga basi yofiira ya ku London kapena udzu, mtunduwo umalowererabe pang'ono, ndipo pano ndikungouchotsa mu GIMP. Chachiwiri ndi madzi a ndimu. Shuga akutuluka bwino, koma kunyowa kuja model ikukuika paliponse, ngakhale pathambo, m'malo mokusonkhanitsa m'malo otsika momwe madzi amayenderera pa pancake yeniyeni. Zithunzi za ndimu zomwe ndili nazo ndi zochepa ndipo zonse zinajambulidwa kuchokera pamwamba. Zotsatira ndizijambula cham'mbali, kuwala kwa pawindo kukuchokera kumbuyo kwa mbale, ndipo zidzakhala ndi mawu akeake oitanira monga momwe ndinachitira ndi nkhope ziwiri zija.